Ndalama za boma zothandizira luso: zimene zidakambidwa pamsonkhano wa magulu a magule ndi osema ku Dedza

Zikomo a Gulupu, mafumu onse, amayi ndi abambo. Amene muli kumbuyoko senderani pafupi, nkhaniyi ili ndi miyezi yoti muigwire.

Kukabwera alendo akuluakulu, magulu athu amaitanidwa. Mumavina mpaka fumbi koboo, amakufupani, mumagawana ya sopo, basi kwatha. Kufupa si thandizo la boma ayi. Ndalama za boma zimatsata pepala, ndipo pepalalo liyenera kufika pa nthawi yake.

Chaka cha ndalama za boma chimayamba pa 1 April n'kutha pa 31 March. Mukapita kukhonsolo mu May kukapempha zikopa za ng'oma, akuuzani kuti mulibe mu bajeti, ndipo sakunama. Bajetiyo idaphikidwa miyezi yam'mbuyo. Pempho lanu lizinyamuka m'chilimwe, mvula isanagwe.

Njira yake ndi yomweyi imene mumapemphera mjigo. Mumayamba ku VDC, komiti ya chitukuko cha m'mudzi, kuti nkhani yanu ilembedwe m'mapulani a mudzi. VDC imatengera ku ADC, komiti ya chitukuko cha dera la a T/A, ndipo zochokera ku ma ADC ndi zimene zimalowa m'pulani ya chitukuko cha boma lonse la Dedza. Apa ndi pamene aluso timagwera. Tsiku losankha zofunika m'mudzi, ovina ndi osema sapezeka, amati ndi msonkhano wa milatho. Ndiye m'pulanimo mumadzaza milatho ndi midadada ya sukulu, za luso ziii. Tumizani anthu awiri pa msonkhano uliwonse wa VDC, ndipo musachoke mlembi asanakuwerengereni zimene walemba. Mawu amene sadalowe m'maminitsi amakhala ngati sadanenedwe.

Kukhonsolo a khansala amavota. Mafumu amakhala nawo ndipo amalankhula, koma savota. Choncho a khansala apatseni kalata pamanja, kope lina lipite kwa a T/A, lina kwa a DC, lina musunge litadindidwa chidindo cha tsiku limene alandira. A phungu nawonso alembereni. Palinso thumba la CDF, la chitukuko cha dera la phungu. Koma lonjezo la pamsonkhano wa ndale musaliwerengere. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsono kalatayo muzilemba chiyani? Mawu akuti "tikupempha thandizo lililonse" ndi amene amapha makalata ambiri, chifukwa wolemba bajeti alibe nambala yoti aike. Lembani motere: ndife anthu 25, tikufuna ng'oma zinayi, zovala 25, ndi shedi yofoleredwa ndi malata yoikamo ziboliboli kuti zisamang'aluke ndi dzuwa. Chinthu chilichonse chikhale ndi mtengo wake, ndipo mumatepo makotesheni atatu ochokera kwa ogulitsa osiyana. Lembaninso chimene inu mupereke, kaya njerwa, mchenga kapena manja anu. Ndipo pemphani chinthu chokhalitsa. Pempho la alawansi ndi zakudya limakanidwa msanga kuposa la shedi.

Akakufunsani kuti chifukwa chiyani tiike ndalama pa magule pamene kuchipatala kulibe mankhwala, musapse mtima, funsolo ndi loona. Ayankheni ndi zimene zili panja pano. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni, malo 127, bungwe la UNESCO lidaziika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Gule Wamkulu adazindikiridwa ndi bungwe lomweli mu 2005. Ku Mua kuli Kungoni, malo a chikhalidwe ndi luso amene Bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976, ndipo osema ambiri adaphunzira kumeneko. Mlendo wobwera kudzaona zimenezi amagona, amadya, amakwera kabaza, amagula mbatata ya kachewere. Koma mfundoyi imalemera mukaika manambala anuanu. Gulani kabuku, muzilemba tsiku limene mwavina, kumene mwavina, ndalama zimene mwalandira, ndi ziboliboli zimene mwagulitsa mwezi uliwonse.

Mayi uko akufunsa za akaunti. Eya mayi, popanda imeneyo palibe angakupatseni ndalama. Gulu likhale ndi malamulo ake olembedwa, mndandanda wa mamembala, ndipo lilembetsedwe kukhonsolo. Akaunti ikhale m'dzina la gulu, osayinira atatu, awiri azisayina potapa. Osayinirawo asakhale a nyumba imodzi. Ndalama zikalowa m'foni ya tcheyamani, ngakhale akhale wokhulupirika chotani, tsiku la maliro kwawo adzabwerekako, ndipo gulu lidzathera pamenepo.

Oimba ndi opeka nyimbo, inu khomo lanu lina ndi COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso. Lembetsani, ndipo nyimbo iliyonse muilembetse payokha ndi maina a onse amene adaipeka. Nyimbo yosalembetsa ikhoza kulira pawailesi chaka chonse inu osaonako kanthu. Lamulo la umwini la 2016 lidakhazikitsanso thumba la Copyright Fund lothandiza ntchito za luso. Limalengeza nthawi yolandira mapempho, ndiye makalata anu akhale okonzeratu.

Ndalama zikabwera, kumbukirani kuti walira mvula walira matope. Chilichonse chogula chikhale ndi lisiti, ngakhale misomali. Wogulitsa zikopa kumudzi amene alibe malisiti asayine papepala, mboni ziwiri zisayinenso. Musasinthe ntchito ya ndalamazo popanda chilolezo cholembedwa. Mukapempha za shedi n'kugula yunifomu, akauntanti amalemba kuti zasokonekera, ndipo magulu ena a dera lino amavutikira limodzi.

Pempho likangoti zii, lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani m'maofesi a boma, limene lidayamba kugwira ntchito mu 2020, likukulolani kulemba kalata yopempha kuona bajeti ya khonsolo ndi maminitsi ake. A mlembi, gawani mapepalawo, gulu lililonse lilembe zinthu zitatu zimene likufuna tisanabalalike.