Makalata a omvera: pulojekiti ili pa tebulo la kapenta

Moni nonse okondedwa omvera, a ku Matero, Chawama, Mtendere, ndi inu a ku Chongwe amene simuphonya pulogalamu ino. Sabata ino makalata ambiri achokera kwa ana athu a m'mayunivesite, makamaka ophunzira business information systems. Zikuoneka kuti ntchito za m'kalasi zawapanikiza onse nthawi imodzi.

Tiyambe ndi atate ena a ku Kanyama. Akuti mwana wawo ali m'chaka chachitatu, koma foni yawo itafa analephera kuikonza, ndiye akufunsa ngati ndalama za fizi sizikungolowa m'madzi. Atate, mtima m'malo. Foniyo pitani nayo kwa anyamata okonza mafoni m'tauni. Mwana wanu akuphunzira zina: mmene kampani imasungira pa kompyuta nkhani za katundu wolowa ndi wotuluka, malipiro a antchito ndi msonkho. Kuyambira mu 2024 a ZRA, bungwe lotolera msonkho, anabweretsa Smart Invoice, moti mabizinesi olembetsa VAT amatulutsa ma invoisi kudzera mu system imeneyo. Ntchito zotere zimafuna munthu womvetsa mabuku a ndalama ndi kompyuta yomwe, ndipo mwana wanu akuloza kumeneko.

Tsopano kalata imene yandigwira mtima. Yachokera kwa mtsikana wa chaka chomaliza, wokhala m'nyumba ya lendi ku Kalingalinga. Akuti: "Amalume, atiuza kuti tisankhe bizinesi yeniyeni, tiifufuze, kenako tiipangire system yokhala ndi database, nkhokwe ya pa kompyuta yosungiramo zolembedwa za bizinesiyo. Anzanga apeza malo m'mabanki ndi m'makampani aakulu chifukwa ali ndi abale kumeneko. Ine ndilibe aliyense. Amayi anga amagulitsa kapenta, nyemba ndi mpunga ku Soweto Market, ndipo ndimachita manyazi kuzitchula m'kalasi. Pali mnyamata wina akuti ndikamulipira andipangira pulojekiti yonse. Ndithandizeni nzeru."

Mwana wanga, ndiyambe ndi kukudzudzula pang'ono. Kapenta amene ukuchita naye manyaziyo ndi amene wakufikitsa chaka chomaliza. Amayi ako akamadzuka kusanache kukakwera basi ya ku Soweto, kodi manyazi amawagwira? Usadzalembenso kuti ulibe aliyense.

Ndipo mvera: iwe ndi amene uli ndi mwayi kuposa anzakowo. Banki singatsegulire mwana wa sukulu mabuku a makasitomala ake. Adzamupatsa mpando pakona ndi kabuku kofotokoza mbiri ya kampani, basi. Iwe bizinesi yonse ili poyera, ndipo mwini wake ndi amene anakubala.

Loweruka lino pita ukakhale nawo pa tebulo kuyambira m'mawa mpaka poweruka. Usapite ndi laputopu, pita ndi cholembera. Apemphe buku lawo la ngongole, lija lachikuto cholimba lokhala ndi madontho a mafuta. Ukalitsegula upeza kuti kasitomala mmodzi walembedwa mosiyanasiyana: tsamba lina "amake mapasa", lina "mayi wa lesitilanti", lina nambala ya foni yokha. Amayi ako amadziwa m'mutu kuti ndi munthu mmodzi. Kompyuta sidziwa, idzawerenga anthu atatu, ngongole n'kugawika patatu. N'chifukwa chake aphunzitsi ako amalimbikira za primary key, kuti kasitomala aliyense akhale ndi nambala yakeyake, ndiponso za normalisation, kuti dzina lake lilembedwe malo amodzi, ngongole zake zizingoloza kumeneko. Zimene unkaloweza kuti ukhoze mayeso uziona ndi maso pa tsamba limenelo.

Kenako ona katundu. Kapenta wa ku Siavonga kapena wa ku Mpulungu amabwera m'thumba, koma amagulitsidwa pa meda ndi timilu ting'onoting'ono. Thumba limodzi latulutsa mameda angati? Nanga wosweka wa pansi pa thumba, ndi basela amene amaika pamwamba kuti kasitomala abwerenso, zimalembedwa pati? Wina walipira theka ndi ndalama m'manja, theka lina pa Airtel Money, wina watumiza pa MoMo ya MTN kudzera pa foni ya mwamuna wake. Madzulo amayi ako amadziwa bwanji kuti lero apindula kapena angobweza mpamba? Funso limenelo ndilo pulojekiti yako.

Uwafunsenso chimene iwo akufuna, usawaganizire. Mwina akuuza kuti za malipoti okongola alibe nazo ntchito, akungofuna kudziwa amene wadutsa mwezi osalipira. Ndipo ukapanga chinthu chofuna kompyuta yaikulu ndi intaneti yosaduka, chidzagwira ntchito m'kalasi mokha, pa msika ayi. Chinthu chimodzi chokha usamale: polemba lipoti usaike mayina enieni ndi manambala a foni a makasitomala. Dziko lino lili ndi Data Protection Act ya 2021, komanso palibe amene amakondwa ngongole yake ya nyemba ikawerengedwa pamaso pa anthu.

Za mnyamata wolipidwa uja, musiye. Tsiku loonetsa pulojekiti adzakufunsa kuti, "Matebulo awiriwa a mu database unawalumikiza chonchi chifukwa chiyani?" Iye adzakhala ali kwina akudya ndalama ya amayi ako, iwe uli chilili pamaso pa aphunzitsi, pakamwa pali gwa. Akakugwiranso kuti ntchitoyo si yako, zaka zinayi zingathere pomwepo.

Tipitirire. Mnyamata wa ku Chilenje akuti magetsi anathima usiku woti mawa lake apereke ntchito, laputopu n'kuzima, zonse n'kutayika. Pepa mphwanga. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba, mmene tinkakhalira mumdima. Koma iwe ukuphunzira kusunga zinthu za makampani, ndiye yamba ndi zako: madzulo alionse ika pa fulashi, dzitumizirenso pa imelo.

Makalata angapo akudandaula chinthu chimodzimodzi, ntchito ya m'magulu. Wina akuti pa gulu lawo amagwira ntchito ndi awiri okha, ena amangotulukira tsiku lolemba mayina pachikuto. Wina akuti mnzawo anangotumiza chala chokweza pa WhatsApp, n'kusowa mwezi wathunthu. Ana inu, mutu umodzi susenza denga, ndipo aphunzitsi sakuikani m'magulu pofuna kukuzunzani. System ya kampani sipangidwa ndi munthu mmodzi. Wina amakafunsa a ku stolo, wina amajambula mmene zinthu zimayendera, wina amalemba SQL (chilankhulo cholamulira database), wina amayesa ngati ikugwira. Iwe amene ukubisala kumbuyo kwa anzako, dziwa kuti anzakowo saiwala. Lusaka ndi yaing'ono. Mawa mmodzi wa iwo adzamva za malo a ntchito, abwana adzamufunsa ngati akudziwa wina wodalirika, ndipo dzina lako silidzatuluka pakamwa pake. Inunso olimbikira, lekani kungonyamula katundu yense mukung'ung'udza. Gawanani ntchito sabata yoyamba, lembani kuti uje achita chakuti pofika tsiku lakuti, ndipo wina akazemba auzeni aphunzitsi nthawi ikadalipo.

Yomaliza ndi ya mlongo wathu wa ku Kabwata, amene amagwira ntchito masana n'kumaphunzira madzulo. Akufunsa ngati n'kulakwa kugwiritsa ntchito ChatGPT, pulogalamu ya pa intaneti ija yoyankha mafunso ndi kulembera anthu. Achemwali, funsani kaye malamulo a sukulu yanu chifukwa amasiyana. Kwa ine, kuifunsa kuti ikufotokozereni pamene query yanu (funso limene mwalembera database) yalakwika n'kwabwino, koma mzere uliwonse umene simungaufotokoze ndi pakamwa panu musaupereke. Takulandirani pa pulogalamu ino, ndipo mudzatilembere mayeso akatuluka.