Wakugundani alibe inshuwalansi: mverani kaye musanalandire ndalama yake

Eee, madalaivala anzanga a pa Kasungu pano, nkhani ija mwafunsa, ya munthu wakugundani koma alibe inshuwalansi. Choyamba mupite ku galaja... ayi, dikirani, tiyambire pamsewu pomwepo. Galimoto musaisunthe apolisi apamsewu asanafike, pokhapokha ngati yatsekeratu njira, monga pa M1 podutsa mathiraki. Jambulani ndi foni: nambala ya galimoto yakeyo, laisensi yake, madisiki a pagalasi lakutsogolo, ya inshuwalansi ndi ya COF, ija yosonyeza kuti galimoto ili bwino kuyenda pamsewu. Muone deti. Ambiri disiki ilipo koma inatha kalekale. Mufunsenso kuti mwini galimoto ndani, poti ma Sienta ndi maminibasi awa woyendetsa ndi wolembedwa ntchito chabe, ndalama zili ndi bwana wake.

Ndiye apa anthu amasokoneza. Akuti "ine ndili nayo inshuwalansi." Ya mtundu wanji, achimwene? Ngati ndi third party, ija lamulo limakakamiza aliyense, imalipira munthu amene inuyo mwamuwonongera, osati galimoto yanu. Ndibwereze: third party yanu siikukonzerani galimoto. Ngati ndi comprehensive, ija imakonzanso galimoto yanu, imbirani kampani yanu tsiku lomwelo, katengeni lipoti la apolisi, ndipo musamasule ngakhale bawuti imodzi munthu wawo woona kuwonongeka asanabwere. Inu mulipira ka excess kanu, kagawo ka mtengo wokonzera kamene mumalipira nokha, zotsalazo akalimbana naye okha wokugundaniyo.

Tsopano ambirife ndi a third party. Apa, apa ndi pomwe zimaonongekera. Munthu uja agwada, "bwana, tisafike kupolisi, nayi ndalama ya bampa." Musalandire. Musalandire kaye! Kuseri kwa bampa kuli rediyeta, kondensa ya AC, fani, chitsulo chogwira rediyeta. Wina wa cha ku Chinkhoma anthu anamuuza, iye ayi n'zazing'ono izi, walandira ya bampa ndi nyali, uyo ulendo wa ku Lilongwe. Kumeneko rediyeta inali itang'aluka pansi, madzi akudontha pang'onopang'ono. Asanafike pa Mponela injini yatentha, gasiketi yapsa. Kumuimbira womugunda uja, akuti tinathana kale.

Ndiye chitani chonchi. Ngati pansi pakudontha madzi kapena oyilo, osailiza, ikokeni. Makaniko achotse bampa aone mkati. Ngati anakugundani cham'mbali, pa tayala, ayang'ane tie rod, ball joint, control arm ndi shokabu, kenako alaimenti. Ikamakokerabe mbali imodzi alaimenti itachitika, kapena boneti ndi zitseko sizikukhala bwino, mpata uku waukulu uku waung'ono, ndiye kuti mwina chasisi chapindika. Chimenecho si cha hamala ndi moto ayi, chimafuna kukokedwa pa makina. Owongola ena amangomata filler wambirimbiri, phala lija lokwirira mopindika, penti pamwamba, mwaona yanyezimira. Yendetsanipo maginito: pomwe sakugwira pali filler wokhuthala, ameneyo adzang'aluka.

Makotesheni awiri kapena atatu, olembedwa, achidindo, zipangizo padera, ntchito padera. Muikeponso yokokera ija, ndi thiransipoti yokatengera zipangizo ku Lilongwe, poti pano sizipezeka zonse. Zikadziwika zonsezo, ndi pomwe mulembe pangano: dzina, nambala ya chiphaso cha unzika, ndalama zonse, masiku olipira, mboni ziwiri... ee, ndaiwala, mwini galimoto asaine nawo, osati dalaivala yekha. Akatumiza ndalama pa foni, uthengawo musafufute.

Lipoti la apolisi lija, ndibwerere pamenepo, litengeni ngakhale mwagwirizana bwinobwino. Akayamba kuzimitsa foni, kwa majisitireti adzafuna lipotilo, makotesheni, malisiti ndi zithunzi. Zitsulo zochotsedwazo musagulitse kwa ogula zitsulo zakutha, ndi umboni. Komanso apolisi akamulipiritsa chindapusa choyendera opanda inshuwalansi, imeneyo ndi ya boma, si yanu. Yanu mukaitsata nokha kukhothi.