Mizere iwiri imaoneka, koma mimba ayi

Takulandiraninso omvera athu. Kalata yoyamba yachokera ku Mufakose mumzinda wa Harare, ndipo mwini wake wapempha kuti dzina tisalitchule. Akuti:

"Azakhali, ndili ndi zaka 31. Pabanja ndatha zaka ziwiri koma mphatso sinabwere, ndipo apongozi ayamba kundilankhula mokuluwika. Mnzanga anandiuza za timapepala ta ku famase toviika mumkodzo, tosonyeza masiku otuluka dzira. Ndayeza miyezi inayi, mizere iwiri imaoneka, koma kumwezi ndikupitabe. Kodi timapepalati ndi tabodza?"

Mwana wanga, si tabodza, koma timadziwa chinthu chimodzi chokha. Timayeza homoni yotchedwa LH, imene imachuluka mumkodzo kukatsala tsiku limodzi kapena limodzi ndi theka kuti dzira lituluke. Muziyang'anitsitsanso, chifukwa apa kamzere kozimiririka sikawerengedwa. Mzere wachiwiri uyenera kuda ngati woyamba kapena kuposa. Dzira likatuluka silipitirira maola 24, pamene mbewu ya abambo imatha kudikira m'thupi mpaka masiku asanu. Ndiye mizere ikangoda, musazengereze.

Chimene kapepala sikangaone ndi njira yodutsa dziralo. Machubu akatsekeka, mwina chifukwa cha chinzonono kapena matenda ena amene sanachizidwe bwino kalekale, mizere idzaonekabe mwezi ndi mwezi, mimba osabwera. Zimenezo amaziona kuchipatala pojambula.

Koma chandidabwitsa ndi ichi: kalata yonseyi abambo akunyumba simunawatchule. Pa mabanja osowa mwana, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna, ndipo kuyeza umuna ndi kosavuta kusiyana ndi zonse mwadutsamo inuzi. Bungwe la WHO limati banja likatha miyezi 12 likuyesetsa popanda mimba, vuto lilipo lofunika kuliona. Inu mwadutsa kale pamenepo. Nyamukani awiri, muyambire ku kiliniki yakwanu, akulembereni kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa kapena cha Sally Mugabe, kuja ambirife timangoti ku Gomo. Ndipo ngati apongoziwo ali pafupi ndi wailesi: amayi, mwana wanu wamwamunayo mumulimbikitse akayezetse nawo.

Kalata ina yachokera ku Epworth, kufupi ndi Harare, ndi yaifupi: "Azakhali, ndinayeza mimba patangotha masiku atatu chigonereni ndi chibwenzi changa, mzere unatuluka umodzi. Ndiye kuti ndapulumuka?"

Mwafulumira, chemwali. Kapepala koyeza mimba kamafuna homoni ina, hCG, imene thupi limayamba kupanga dzira likakhazikika m'chiberekero, ndipo pa masiku atatu imakhala isanayambe n'komwe. Dikirani tsiku lanu losamba lidutse, muyeze ndi mkodzo woyamba wa m'mawa. Mzere ukakhala umodzi koma kusamba osabwera, bwerezani pakapita masiku angapo. Ikatuluka iwiri, ngakhale wachiwiriwo wozimiririka, yambani sikelo msanga. Mukamva kupweteka kwambiri mbali imodzi ya chinena kapena mukamataya magazi, musadikire kuche, thamangirani kuchipatala, chifukwa mimba imatha kukhala m'chubu.