Bondi Icebergs: Kalabu Yosambira m'Chisanu ku Sydney

[Chithunzi: funde likumenya khoma la dziwe, thovu likukhavukira mkati]

Moni nonse owonera. Taonani dziwe ili. Ngati mumakhalitsa pa Instagram, mwina munaliwonapo kale: madzi obiriwira, mizere yakuda pansi, kuseri kwa khoma kuli nyanja yamchere yolusa. Lili ku Bondi, dera la kum'mawa kwa mzinda wa Sydney ku Australia, pafupifupi makilomita 7 kuchokera pakati pa mzindawo. Alendo amapitako kukajambula zithunzi. Ife lero tikambe za eni ake, kalabu ya Bondi Icebergs, yomwe yakhala ikusambira pamenepa kuyambira 1929.

Tiyambe ndi nyengo. Australia ili kummwera kwa dziko lapansi ngati ife, ndiye chisanu chawo chimagwa miyezi yomweyo imene kwathu timafunda mabulangete awiri. Ganizani m'mawa wa Juni ku Dedza, wina n'kukuuzani kuti vulani mulowe m'madzi osafunditsa. Nthawi imeneyo ndi imene anthu awa amasambira. Nyengo yawo ya mipikisano imayamba mu Meyi n'kutha mu Seputembala, Lamulungu lililonse, ndipo madzi a m'dziwelo ndi a m'nyanja momwemo, palibe chowatenthetsa. Dzina loti Icebergs limatanthauza mapiri a madzi oundana amene amayandama panyanja. Anadzitcha okha choncho.

Nanga chinawatuma n'chiyani?

[Chithunzi: zithunzi zakale za gombe la Bondi, amuna atafola pamchenga]

Mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, malamulo ankaletsa kusamba m'nyanja masana m'magombe a Sydney. Chiletsocho chitachoka, anthu anakhamukira kumadzi, ambiri osadziwa kusambira, ndipo nyanja ya ku Bondi ili ndi mikokomo imene imakokera munthu kwakuya. Mu 1907 anthu a m'deralo anapanga gulu la opulumutsa anzawo pamadzi, Bondi Surf Bathers' Life Saving Club. Anali ongodzipereka, osalandira kanthu. Vuto linali lakuti ntchito yawo inali ya m'chilimwe chokha. Chisanu chikafika ankangokhala, mimba n'kumakula, mpweya n'kumafupika. Mu 1929 ena mwa opulumutsawo anagwirizana zoti azisambirabe m'chisanu kuti thupi lisafooke. Analemba malamulo, nasankha akuluakulu a komiti, kalabu n'kubadwa.

Kuti mumvetse kuti sizinali zocheza, pa 6 Febuluwale 1938 mafunde atatu aakulu otsatizana anakokolola anthu mazanamazana pagombe lomweli. Opulumutsa anavuula anthu pafupifupi 250, ndipo asanu anamwalira. Munthu wofooka sangagwire ntchito yotere.

Tsopano tifike pa chimene ine ndimaona kuti ndicho chasunga kalabuyi zaka zonsezi. Ndi lamulo lotchedwa 15B. Limati ukalowa ngati membala wosambira, uyenera kupikisana Malamulungu atatu mwa anayi alionse a m'nyengoyo, kwa zaka zisanu. Mukawerengetsa zikukwana pafupifupi maulendo 75 olowa m'madzi ozizira. Ukajomba mopyola muyeso, umalemba kalata ku komiti kufotokoza chimene chinakugwira, ndipo komiti ikapanda kukhutira ukhoza kuimitsidwa. Zilibe kanthu kuti ndiwe loya, mmisiri wa mapaipi kapena munthu wotchuka pa wailesi yakanema. Ukatsiriza zaka zisanuzo m'pamene lamulo limakumasula, koma pofika apo ambiri amakhala atazolowera kale, ndipo amangopitiriza.

Poyamba ndinkaona ngati nkhanza. Bwanji kukakamiza munthu wamkulu pa zinthu zamasewera? Koma amene munakhalapo m'banki m'khonde kapena m'kwaya mukudziwa kuti gulu limene aliyense amabwera akafuna silichedwa kutha. Mwezi woyamba mumadzaza, mwezi wachitatu mwatsala atatu. Ku Icebergs munthu amaonana ndi nkhope zomwezo sabata ndi sabata, onse akunjenjemera, onse ali ndi kabudula wosambira basi, popanda suti yosonyeza udindo wake. Pakatha zaka zisanu akudziwa amene mkazi wake akudwala, amene ntchito yamuthera, amene sanaoneke Malamulungu awiri ndipo afunika kumuimbira foni.

[Chithunzi: osambira akudumpha m'madzi mmodzimmodzi, wina akuwerenga masekondi]

Palinso kachitidwe ka mpikisano kamene kamandisangalatsa. Sanyamuka onse nthawi imodzi. Aliyense ali ndi nthawi yake yodziwika, ndiye wosambira pang'onopang'ono amayamba, waliwiro amadikira masekondi angapo asanadumphe. Mapeto ake onse amafika kukhoma pafupifupi limodzi, moti agogo atha kupambana mnyamata wa zaka 20. N'chifukwa chake okalamba sachoka. Ana nawonso ali ndi gulu lawo, ndipo amawatcha Icecubes, timiyala ta ayezi tija timaponya m'chakumwa.

Za ayezi tisaziiwale. Tsiku lotsegulira nyengo mu Meyi, mamembala amanyamula zidutswa zikuluzikulu za ayezi n'kudumpha nazo m'dziwe, ngati kuti madziwo sanali ozizira kale. Atolankhani amabwera chaka chilichonse kudzajambula. Sizisintha kwenikweni kuzizira kwa dziwe la mamita 50, ndi mwambo chabe wodzitamandira, koma ndi umene unatchukitsa kalabuyi.

Pali mbali ina yosakoma. Kwa zaka 66 kalabuyi inali ya amuna okhaokha. Amayi anayamba kuloledwa kukhala mamembala mu 1995. Chodabwitsa n'choti Sydney yomweyi ndi kwawo kwa Fanny Durack ndi Mina Wylie, amene anatenga mendulo ya golide ndi ya siliva pa mpikisano wosambira wa amayi wa mamita 100 ku Olimpiki ya ku Stockholm mu 1912. Bambo ake a Mina anamanga dziwe lawo la m'mbali mwa nyanja ku Coogee, makilomita ochepa kummwera kwa Bondi, ndipo lilipo mpaka lero. Ndiye amayi a mumzindawu anali atagonjetsa kale dziko lonse kalabuyi isanabadwe n'komwe, koma anadikira mpaka 1995 kuti akhulupiriridwe kuti angapirire madzi a Julaye. Lero ndi ambiri ndithu pamzere wa Lamulungu.

[Chithunzi: nyumba yoyera yosanja pamwamba pa dziwe]

Nyumba mukuionayi si yakale. Mamembala oyamba ankavulira m'kashedi ka malata. Mu 1960 kalabu inapeza chiphaso chogulitsa mowa, nisamukira m'nyumba yabwinoko yokhala ndi bala ndi makina a juga, monga amachitira makalabu ambiri ku New South Wales, chigawo chimene muli mzinda wa Sydney. Mpweya wamchere sukhululukira simenti ndi zitsulo, choncho pofika m'zaka za m'ma 1990 nyumbayo inali itadyeka. Inamangidwanso mothandizidwa ndi wamalonda John Singleton, ndipo inatsegulidwa mu 2002, pamwamba pake pali lesitilanti yodula ya Maurice Terzini. Apa m'pamene malowa anasanduka a magulu awiri osiyana a anthu. Pamwamba olemera ndi alendo akudya atayang'ana nyanja, pansi mkulu wina wopuma pantchito akupukuta msana ndi thaulo lothetheka. Ena a m'deralo amadandaula kuti Bondi yakwera mtengo moti ana a amisiri amene anayambitsa zonsezi sangakwanitsenso lendi yake. Dandaulolo n'lomveka. Komabe dziwe silinatsekedwe kwa anthu wamba. Aliyense amalipira pakhomo n'kusambira, ndipo ana amaphunzira m'kadziwe kakang'ono kamene kali pambali.

Mukadzapezeka ku Sydney n'kufuna kuyesa, musapite Lachinayi. Tsiku limenelo amakhuthula madzi onse, n'kutsuka ndere ndi mchenga umene mafunde aponyamo sabata yonse. Ndipo mukaona nyanja yakwiya, gwiritsitsani chingwe. Funde likalumpha khoma limakusunthani mizere iwiri musanadziwe chimene chachitika.