Khansa ya chiwindi ikalowa m'nyumba, musathamangire kugulitsa dimba

Zikomo a mfumu potipatsa bwalo. Amayi, abambo, agogo anga, ine ntchito yanga ndi yoyendera odwala m'makomo, choncho zomwe ndinene pano ndazionera pafupi.

Chaka chatha ndinkayendera bambo wina wa kabaza. Anayamba kumva kuwawa kumanja kuno, pansi pa nthiti. Kenaka kuonda, maso kuchita chikasu, mimba kutupa ngati mayi wodwala pakati. Pofika kuchipatala chachikulu n'kukamuunika, chotupa chinali chitamwerera kale m'chiwindi. Khansa imeneyi ndi mmene ilili, imakula mwakachetechete, ndipo ambiri imapezeka mochedwa, poti opareshoni singathandizenso.

Mukuti kuchipatala cha boma n'kwaulere? N'zoona, koma thiransipoti ndi ya anthu awiri, wodwala ndi gadiyani. Gadiyaniyo adye, agule makala, agule sopo. Njinga ya bambo aja inaima, mayi anasiya kugulitsa tomato kuti aziwasamalira, ndalama yolowa panalibe. Anayamba ndi mbuzi, kenaka njinga yomwe ija. Achibale anati awa alodzedwa, ndalama zina n'kupita kwa asing'anga. Anatenga katapila. Mtsikana wawo wa Fomu 3 anakhala pakhomo, fizi palibe. Tsiku lomwe ndinafika ndinapeza mayi aja atakhala pamkeka ndi munthu wofuna kugula dimba lawo, akunenerera mtengo, bambo akubuula m'nyumba. Mtima unandipweteka kwambiri, chifukwa ndalama zonsezo zinapita koma ululu sunachepe ngakhale usiku umodzi.

Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi. Musanagulitse kanthu, funsani adokotala mosapsatira kuti, "Kodi matendawa tikuchiza, kapena tikuchepetsa ululu?" Musachite manyazi, ndi ufulu wanu. Akakuuzani kuti kuchira sikutheka, sikuti chithandizo chatha ayi. Pali chisamaliro chochepetsa ululu. Ku Queen Elizabeth ku Blantyre kuli kiliniki ya Tiyanjane, ku Salima kuli Ndi Moyo, ndipo kuchipatala cha boma chanu funsani za chisamaliro chimenechi. Amapereka morphine wamadzi, womwa pa maola anayi aliwonse. Ena amaopa kuti mankhwalawa amamaliza munthu. Ayi ndithu, akamwedwa monga anenera achipatala amangoletsa ululu. Mimba ikadzadza madzi amapopa, munthu n'kupuma bwino.

Bambo aja atayamba morphine anagona tulo koyamba patapita milungu yambiri. Ankatuluka kukhala pakhonde, kumwa phala pang'onopang'ono, kucheza ndi anzawo a kabaza. Anaitana ana ndi malume awo n'kunena okha kuti dimba lisagulitsidwe. Anamwalira pakhomo pawo, ndipo mtsikana uja anabwerera kusukulu ndi ndalama za ndiwo zamasamba za m'dimba lomwelo.

Tsono matendawa amachokera kuti? Kuno kwathu gwero lalikulu ndi kachilombo ka hepatitis B. Kamakhala m'thupi zaka zambiri osaonetsa chizindikiro, ndipo ambiri amakatenga ali ana, pobadwa kapena kudzera m'magazi, monga pobwerekana lezala lotemera mphini. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa ana m'Malawi muno mu 2002, mwana akakwanitsa masabata 6, 10 ndi 14. Ife tonse obadwa chisanafike chakacho sitinabayidwe katemera ameneyu kusikelo, choncho tikayezetse magazi, makamaka ngati m'banja mwathu wina anadwalapo chiwindi. Amene kawapezeka, pali mankhwala a tenofovir omwe amakafooketsa.

Chinanso ndi chuku cha mtedza ndi chimanga. Chili ndi poizoni wotchedwa aflatoxin, ndipo kuphika kapena kukazinga sikumuchotsa. Amayi, tisanamizane: mtedza wabwino timasankha kukagulitsa, wonyala ndi wachuku uja n'kusinja nsinjiro za ana athu. Tayani umenewo, ndipo muziumitsa mbewu bwinobwino musanaike m'matumba. Abambo, kachasu nayenso amawotcha chiwindi chomwecho.

Amene muli ndi wodwala kunyumba, kaya watupa mimba kaya akulephera kugona ndi ululu, musachoke tikamaliza. Tsalani pansi pa mtengo apo tikambirane, ndidziwe nyumba zoti ndiyambire mawa m'mawa.