Nsapato yolendewera

Mwadzuka bwanji abale ndi alongo mwa Ambuye?

Dzulo madzulo ndinali kwa azakhali anga ku Matero. Malaiti atazima anayatsa kandulo, ndipo kuwala kwake kunagwera pa chithunzi chakale cha pakhoma, chija cha Amayi Maria a Chithandizo Chosatha. Ndakulira m'nyumba imeneyo, koma dzulo ndi pamene ndinachiyang'anitsitsa. Chenichenicho chili ku Roma, m'tchalitchi cha Alfonso Woyera, komwe ansembe a Redemptorist akhala akuchisunga kuyambira 1866. Cha azakhali n'chapepala chabe, chinachita kufiira ndi utsi wa mbaula.

Amayi Maria sakumwetulira, komanso sakulira. Pakamwa atseka, maso ali phee, ndipo sakuyang'ana mwana amene amunyamula. Akuyang'ana iwe amene waima patsogolo pawo.

Mwana Yesu watembenuza mutu. Mbali ina kuli mngelo Gabrieli atanyamula mtanda ndi misomali, mbali inayo Mikaeli ali ndi mkondo ndi chinkhupule. Mwanayo waona kale zimene zikumudikira. Timanja take tonse tiwiri tagwira dzanja la amayi ake, ndipo nsapato imodzi yavuka, ikungolendewera ndi kachingwe. Azakhali anati, "Mwana akathamangira kwa amake ndi mantha, za nsapato sakumbuka." Mawu amenewo ndagona nawo.

Chimene chinandikhudza n'chakuti wojambulayo sanachotse mtanda uja kuti Amayi aoneke odekha. Mtanda ulipo, iwo akuudziwa. Paja Simeoni anawauza m'Kachisi, pa Luka 2:35, kuti lupanga lidzawalasa mumtima. Bata limene lili pankhope pawo ndi la munthu wodziwa zowawa zimene zikubwera, koma wosataya mwana m'manja. Nkhope yotereyi ndinaionapo pa amayi ena amene amachezera usiku wonse pabenchi ya chipatala, chitenje paphewa, korona m'manja.

Mwina inunso mwadzuka nsapato ikulendewera: lendi yakwana, mwana ali m'chipatala, ntchito sikuoneka. Musadikire kuti mantha ayambe atha kuti mupemphere. Yesu amene, ali wamng'ono, anagwira dzanja la amake mtanda akuuona.

Ambuye Yesu, pamene tikutuluka kukakwera minibasi m'mawa uno, ena mwa ife mitima ikugunda. Tigwireni dzanja. Amayi Maria, mutipempherere. Amen.