Chamba cha Kumayiko Ozizira, Mbewu Yowerenga Usiku

Zikomo a tcheyamani. A mfumu, azibambo ndi azimayi, ndi inu anyamata mwakhala kumbuyo uko mukuseka ndisanayambe n'kuyankhula komwe, ndakuonani nonse. Tsiku lija tinkakamba za manyowa munalipo khumi ndi awiri okha. Lero mwamva kuti nkhani ndi ya chamba, mabenchi achepa. Palibe kanthu, khalani pansi.

Ndiyambe ndachotsa chikayiko. Kwathu kuno lamulo la 2020 linalola chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, koma kwa okhawo amene ali ndi chiphaso cha bungwe la boma loyang'anira chamba, Cannabis Regulatory Authority. Chosuta chija n'choletsedwabe, ndipo apolisi akakupezani nacho musakatchule dzina langa. Zimene ndikambe ndi zimene ndinaona ku Canada, m'chigawo cha Alberta, komwe ndinagwira ntchito pafamu. Kumeneko boma linalola chamba cha mafakitale mu 1998, ndipo kuyambira pa 17 October 2018 munthu wamkulu m'zigawo zambiri amaloledwa kubzala mitengo inayi pakhomo pake.

Mlimi wakumeneko nthawi yake ndi yochepa zedi. Kufupi ndi mzinda wa Edmonton, nthaka imauma gwa ndi kuzizira miyezi yambiri, khasu silingalowe. Amabzala chakumapeto kwa May, ndipo ikamafika pakati pa September aliyense amagona khutu lili kunja, kumvetsera za chisanu. Ndi miyezi inayi imeneyo, chaka china yosakwana n'komwe. Koma m'miyezi yochepayo dzuwa limachita ngati layiwala kulowa. Mu June masana amafika maola 17. Teni koloko usiku kunja kuli mbee, ana akusewera mpira. Ine ndinkachita kupachika bulangete pawindo kuti tulo tibwere. Mukapita kumpoto kwambiri, ku Fairbanks ku Alaska, masana amayandikira maola 22. Mbewu zimakula ngati zikuthawa munthu. Ku Alaska komweko, pachionetsero cha zaulimi cha ku Palmer mu 2012, mlimi wina anabweretsa kabichi mmodzi wolemera makilogalamu oposa 62. Kuposa thumba la chimanga, amayi, kabichi mmodzi.

Ndiye mwina mukuti, dzuwa lonselo, chamba sichingavute. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga ya lero. Chamba sichiwerenga miyezi ngati chimanga. Chimanga cha masiku 120 chimacha pa masiku 120, bola mvula. Chamba chimawerenga kutalika kwa usiku. Usiku ukakhala waufupi, chimangokula, kutulutsa masamba ndi nthambi, osaganiza za maluwa. Chimayamba kumasula pokhapokha usiku ukatalika mokwanira, ndipo mitundu yakumayiko otentha ngati kwathu kuno imadikira mpaka mdima uyandikire maola 12. Tsono kumpoto kuja usiku umafika maola 12 cha pa 22 kapena 23 September. Nthawi imeneyo chisanu chili kale pakhomo.

Ndinaziona ndi maso. Panali mkulu wina woyandikana ndi pamene ndinkakhala, wopuma pantchito, amene ankalima mitengo yake inayi kuseri kwa nyumba. Atamva kuti ndine wa ku Malawi anasangalala ngati waona mbale wake, n'kundikokera kuseri kuja kuti ndikaone mbewu imene anamuuza kuti ndi Malawi Gold. Inde, dzina la dziko lathu ena kunja kuno analidziwira kuchamba, osati kunyanja. Mtengowo unali wokongola, masamba ang'onoang'ono aatali, utapitirira mpanda, utandipitirira ine. August anatha, maluwa zii. September atafika pakati ndi pamene tinayamba kuona titsitsi toyera m'mphanda za nthambi. Chamba chakwathu chikayamba kumasula chimafuna miyezi itatu kapena kuposa kuti chikhwime. Chinapeza milungu yowerengeka basi. M'mawa wina tinapeza masamba onse alefuka, adera ngati nkhwani wophikidwa ndi chidulo. Mkuluyo anangogwira m'chiuno. Mbewu inalibe mlandu. Inkadikira usiku wa ku Nkhotakota ili ku Alberta.

Tsono amatani? Ena amafesa m'nyumba mu April, m'timiphika pawindo kapena pansi pa magetsi, n'kudzawokera chisanu chikatha. Asanawokere amatulutsa mbande panja maola ochepa patsiku kuti zizolowere mphepo. Inu a fodya mukuzidziwa izi, ndi kukhwimitsa mbande komwe kuja mumachita panazale. Ena amanamiza mbewu. Amaifunditsa chipepala chakuda madzulo dzuwa likadalipo, m'mawa n'kuvundukula, kuti iziyesa usiku watalika. Zimatheka, koma ndi ukapolo, chifukwa tsiku lililonse uyenera kukhalapo, ngakhale kumaliro supita mwamtendere.

Njira imene inasinthadi zinthu ndi ya mbewu. Mu 1924 katswiri wa zomera wa ku Russia, Janischewsky, analemba za chamba cham'tchire chomera m'dera la mtsinje wa Volga, n'kuchitcha ruderalis. Ndi kachitsamba kachabechabe, kakafupi, kopanda mphamvu yoledzeretsa. Koma kali ndi khalidwe limodzi la mtengo wapatali: sikasamala za usiku. Kakangokwana milungu itatu kapena inayi kamayamba kumasula, kaya dzuwa likulowa kaya silikulowa. Obereketsa mbewu anakakwatitsa ndi mitundu ina, n'kupeza zimene amazitcha autoflower, zokhwima pasanathe miyezi itatu. Wobzala kumayambiriro kwa June amakolola August asanathe, chisanu n'kudzapeza m'munda mulibe kanthu. Zokolola zake n'zochepa poyerekeza ndi chimtengo chachikulu chija, koma pang'ono pali m'manja sipafanana ndi zambiri zofera m'munda.

Pafamu pamene ndinali ife tinkalima mtundu wotchedwa Finola. Unapangidwa ku Finland m'zaka za m'ma 1990 ndi Jace Callaway ndi mnzake, kuchokera ku njere zosungidwa ku Vavilov Institute mumzinda wa St Petersburg. Umenewu ndi wa njere, zoyengera mafuta ndi zakudya. Malire a ku Canada a THC, chija choledzeretsa chija, pa chamba cha mafakitale ngati chimenechi ndi 0.3 peresenti, ndiye anyamata ngakhale mutasuta ekala yonse mungangodwala mutu. Finola amafika m'chifuwa mwa munthu, ndipo amakhwima pa masiku pafupifupi 100. Kufupikako ndi dala. Tsinde la chamba lili ndi luzi lolimba koopsa. Mtengo ukatalika, luzilo limakulungana m'makina okololera, limatentha, nthawi zina mpaka moto. Ine ntchito yanga yambiri nthawi yokolola inali kugona chagada pansi pa chimakina, mpeni m'manja, kudula luzi. Njerenso sizichedwa. Zimakololedwa zili ndi chinyezi, ndipo zikagona mulu osaziumitsa ndi mphepo tsiku lomwelo zimatenthana, mafuta ake n'kuyamba fungo.

Mdani wina ndi chuku. September wakumeneko amabwera ndi mame ambiri ndi usiku wozizira. Maluwa achamba amakhala othithikana, madzi akalowa mkati satuluka msanga, ndiye kuwola kumayambira mkati. Kunja kukuoneka bwino, ukatsegula mkati muli imvi zokhazokha. N'chifukwa chake olima pakhomo amasankha malo olandira dzuwa la m'mawa ndi opita mphepo, ndipo ambiri amalolera kukolola msanga pang'ono kusiyana ndi kudikira mvula ya mlungu wathunthu.

Bambo mwakweza mkono apo, ndamva funso lanu. Mukuti bwanji tisangoitanitsa mbewu zamakono zakumeneko? Nkhani ija itembenuzeni. Ku Lilongwe masana satalika kupitirira maola 13, ngakhale mu December. Mbewu ya luzi ya ku Ulaya, yozolowera kukula pansi pa masana a maola 15 kapena 16, ikangomera kuno imaona ngati chilimwe chatha kale. Imamasula ili m'mawondo. Munthu unkayembekeza mitengo ya mamita atatu, ukukolola tizitsotso. N'chifukwa chake kumalo ofufuza zaulimi ku Chitedze anayamba ndi kuyesa mitundu yosiyanasiyana lamulo lisanatuluke. Tsiku limene kalabu yathu idzapeze chiphaso, wogulitsa mbewu asadzatiuze za matani a ku France kapena ku Canada. Tidzamufunse kuti mbewuyo inayesedwa pati, masana ake anali maola angati, ndipo inatalika bwanji isanamasule.

M'kabotolo aka muli njere zosenda, zimene kumeneko amathira m'phala. A tcheyamani, kayambire kwa a mfumu, kenako kazungulire. Lawani, zimamveka ngati mtedza wauwisi. Inu akumbuyo musavutike n'kubisa m'thumba, n'zosenda izi, sizimera.